Ndalama zili ku banki, koma za bungwe ndi ziti?

Madokotala a mabanja, aja amene amaona aliyense wolowa pakhomo la chipatala, kaya ndi khanda, mayi woyembekezera kapena gogo wodwala shuga, m'mayiko ambiri ali ndi mabungwe awo. La ku America, American Academy of Family Physicians, linayamba mu 1947. La ku Britain, Royal College of General Practitioners, linayamba mu 1952, la ku Canada mu 1954, ndipo mu 1972 ku Melbourne kunakhazikitsidwa WONCA, yomwe imasonkhanitsa mabungwe otere a pa dziko lonse. Ena ndi aakulu, ali ndi nyumba zawozawo ndi antchito ambirimbiri. Koma ochuluka ndi aang'ono: komiti ya madokotala owerengeka, mlembi mmodzi wa mu ofesi, ndi msungichuma amene masana amaona odwala, usiku n'kumatsegula mabuku a ndalama ali wotopa kale.

Mabungwe amenewa ndiwo amakonza maphunziro oti dokotala asatsalire m'mbuyo, ena amalembetsa mayeso, ndipo ndiwo amayankhula ndi boma m'malo mwa madokotala ndi odwala awo. Bungwe lotere likagwa chifukwa cha ndalama, wovutika si dokotala yekha.

Ntchito yanga ndi yowerengera chuma, ndipo funso lomwe ndimalimva kawirikawiri pa misonkhano ya makomiti ndi lakuti, "A msungichuma, ku banki tili ndi zingati?" Msungichuma akatchula ndalamazo, nkhope zimawala, nthawi yomweyo wina n'kuyamba kunena zogula galimoto. Funso limenelo ndi loperewera. Loyenera kufunsidwa ndi lakuti, mwa ndalama zili ku bankizo, zomwe bungwe lingagwiritse ntchito lero mmene lafunira ndi zingati? Mu akaunti imodzi mumakhala ndalama za eni osiyanasiyana, ndipo ntchito yaikulu ya msungichuma ndi kudziwa mwini wa iliyonse.

Tiyambe ndi ndalama ya umembala. M'mabungwe ambiri mamembala amalipira kamodzi, kumayambiriro kwa chaka. Dokotala akalipira mu Januwale, walipirira miyezi 12: magazini, maphunziro, ofesi yomwe angaimbireko foni mpaka Disembala. Ndiye ndalamayo iyenera kugawidwa m'magawo 12. Pokwana kumapeto kwa Malichi, magawo atatu okha ndi amene bungwe lawagwirira ntchito. Magawo 9 otsalawo m'mabuku timawalemba kumbali ya ngongole, chifukwa bungwe likadali ndi mangawa a ntchito kwa membala uja. Komiti yosadziwa izi imadziona yolemera mu Febuluwale, kufika Okutobala malipiro a mlembi n'kusowa, pomwe palibe amene waba ngakhale khobidi limodzi. Angodya za mawa dzulo.

Pali msampha wina pomwepa. Tiyerekeze kuti m'kaundula muli mayina 500, koma chaka chatha analipira ndi anthu 300. Bajeti iyenera kumangidwa pa 300, osati pa 500. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Enanso mwa 300 aja salipira mtengo wonse, chifukwa mabungwe ambiri amachotserako ophunzira, amene akadali pa maphunziro a ukatswiri ndi opuma pa ntchito. Kuchotsera kumeneko n'kwabwino, dokotala wachinyamata amene mwamukoka lero ndiye adzalipire zaka makumi akubwerawa, koma kuyenera kuwerengeredwa bajeti isanavomerezedwe. Ndimalimbikitsanso kukweza ndalama ya umembala pang'onopang'ono chaka ndi chaka, motsatira mmene mitengo ya zinthu ikukwerera. Komiti imene imaopa kukweza kwa zaka zisanu imadzakakamizika kuwirikiza kawiri tsiku limodzi, ndipo mamembala amathawira pomwepo.

Mwini wachiwiri wa ndalama za mu akaunti ndi wopereka thandizo. Bungwe lina kapena boma likapereka ndalama zophunzitsira madokotala kayezedwe ka khansa ya khomo la chiberekero, ndalamazo ndi za ntchito imeneyo basi. Zikatsala, nthawi zambiri mgwirizano umanena kuti zibwezedwe kapena mupemphe chilolezo cholembedwa musanazigwiritse ntchito ina. Vuto limayamba mwakachetechete. Lendi ya ofesi yakwana, ndalama za umembala zachedwa, wina n'kunena kuti, "Tingobwerekako pa za polojekiti, tidzabweza mamembala akalipira." Onse m'chipindamo ndi anthu okhulupirika ndipo akunena kuchokera pansi pa mtima. Koma mwezi wotsatira amabwerekanso. Tsiku lomwe eni thandizo adzafune lipoti, dzenje lidzakhala litakula, ndipo m'maso mwawo kubwereka popanda chilolezo sikusiyana ndi kusokoneza ndalama. Mankhwala ake ndi osavuta: thandizo lililonse lalikulu likhale ndi akaunti yake, kapena tsamba lake m'mabuku, ndipo posayinirana mgwirizano muzipempheratu kuti gawo lina lilipire lendi, magetsi ndi nthawi ya mlembi. Polojekiti imadya zinthu za mu ofesi. Bungwe lomwe limachita manyazi kupempha gawo limeneli limapezeka likulipirira polojekiti ya eni ndi ndalama za mamembala.

Msonkhano waukulu wa pachaka nawo uli ndi eni ake. Madokotala amalembetsa kukadali miyezi ingapo, ndalama n'kudzaza mu akaunti, koma si za bungwe kufikira msonkhano utachitika. Mu 2020 mliri wa COVID-19 unaphunzitsa mabungwe ambiri phunziro limeneli mowawa: misonkhano inalephereka kapena inasamukira pa intaneti, olembetsa anafuna ndalama zawo, pomwe zina zinali zitaperekedwa kale ku mahotela. Choncho musanasayine mgwirizano ndi hotela, werengani bwino ndime yonena za kulephereka kwa msonkhano, chifukwa ndalama zenizeni zagona pamenepo. Dziwaninso chiwerengero cha anthu chofunika kuti msonkhano udzilipire wokha. Holo, zokuzira mawu ndi ulendo wa oyankhula zimalipiridwa chimodzimodzi, kaya kwabwera anthu 80 kapena 250. Ngati zimenezi zikufuna olembetsa 150, komiti idziwe nambala imeneyo tsiku loyamba, ndipo igwirizane tsiku lomwe idzachepetse msonkhano ngati olembetsa sakufika.

Tsopano ndifike pa ndalama zomwe zimandidetsa nkhawa kuposa zonse, za makampani. Opanga mankhwala, zipangizo za chipatala, zakumwa ndi mkaka wa makanda amakonda kuthandiza mabungwe a madokotala a mabanja, ndipo chifukwa chake n'chodziwikiratu: dokotala wa banja ndi amene amalemba mankhwala tsiku ndi tsiku, ndiponso mawu ake amakhulupiriridwa m'nyumba za anthu. Ndalama zimenezi m'mabuku zimaoneka ngati zopanda chingwe. Chingwecho chilipo, kungoti sichilembedwa.

Mu 2009 American Academy of Family Physicians inagwirizana ndi Coca-Cola kuti kampaniyo ipereke ndalama zothandizira kulemba uthenga wa zaumoyo wopita kwa anthu wamba pa intaneti. Atsogoleri a bungwelo ananena kuti kampaniyo sidzalowerera pa zolembedwazo. Komabe madokotala ena anatula umembala wawo poyera, ponena kuti sangauze wodwala shuga kuti achepetse zakumwa zotsekemera pomwe bungwe lawo likulandira ndalama kwa wogulitsa zakumwazo. Mgwirizanowo unatha mu 2015. Ku Britain, bungwe la madokotala a ana, Royal College of Paediatrics and Child Health, linalengeza mu 2019 kuti lasiya kulandira ndalama za makampani opanga mkaka wa makanda, patatha zaka mamembala akukangana pa nkhaniyo. Amenewa ndi mabungwe akuluakulu, okhala ndi maloya ndi malamulo olembedwa bwino. Nanga bungwe laling'ono lomwe lendi yake ikudikira cheke cha kampani imodzi lingakane bwanji kampaniyo ikapempha kuti isankhe woyankhula pa msonkhano?

Sindikunena kuti ndalama iliyonse ya kampani ndi yoipa. Kampani yolipira malo oonetsera katundu wake kunja kwa holo ikugula malo, ndipo aliyense akuona. Chimene ndimaumirira ndi ichi: ndalama ya umembala iyenera kukwanira zinthu zomwe bungwe silingakhale popanda izo, monga malipiro, lendi ndi misonkhano ya komiti. Zikatero, bungwe likhoza kukana ndalama ya kampani mawa m'mawa, ofesi n'kutsegulidwabe. Kuwonjezera apo, msonkhano wa mamembala ugwirizane malamulo atatu kapena anayi n'kuwalemba: kampani isasankhe mutu wa phunziro kapena woyankhula, ndalama zake zisafike pa ntchito yolemba malangizo a kachiritsidwe ka matenda, kampani imodzi isapereke kupitirira gawo lomwe mamembala akhazikitsa, ndipo mayina a onse opereka ndi kuchuluka kwa zomwe apereka zizisindikizidwa chaka chilichonse. Ku America lamulo la 2010 linakakamiza makampani a mankhwala kuulula zomwe amapereka kwa madokotala, ndipo kuyambira mu 2014 aliyense akhoza kuziwerenga pa intaneti. Bungwe silifunika kudikira lamulo kuti liziulula lokha.

Mukachotsa za miyezi ya m'tsogolo, za opereka thandizo ndi za msonkhano, zotsalazo ndiye za bungwe zenizeni, ndipo pa zimenezo mpamene pamachokera thumba losungira tsiku la mavuto. Langizo lofala ndi loti thumbali lizikwanira kuyendetsa bungwe kwa miyezi itatu mpaka 6 popanda ndalama ina kulowa. Bungwe lodalira kwambiri msonkhano umodzi wa pachaka liyenera kusunga zochulukirapo. Kids Company, bungwe lothandiza ana ku London, linatseka mwadzidzidzi mu 2015 ngakhale linkalandira ndalama zambiri, ndipo kafukufuku wa aphungu a nyumba ya malamulo anatchula kusowa kwa ndalama zosungira ngati limodzi mwa mavuto ake aakulu. Thumba limeneli likhale pamalo otetezeka pomwe mungalitape msanga. Si ndalama yoyesera mwayi pa bizinesi, ngakhale wobweretsa ganizolo akhale wapampando.

Za chitetezo cha tsiku ndi tsiku ndi zodziwika, koma madokotala zimawavuta pa chifukwa chimodzi: amachitirana ulemu kwambiri. Msungichuma mwina ndi mphunzitsi amene anaphunzitsa theka la komiti, ndiye kumufunsa risiti kumaoneka ngati chipongwe. N'chifukwa chake dongosolo liyenera kufunsa lokha, munthu asamachite kudzuka kuti afunse. Ndalama iliyonse yotuluka ivomerezedwe ndi anthu awiri, kaya ndi pa cheke, pa intaneti kapena pa foni, ndipo wachiwiriyo aziona invoisi yeniyeni asanavomere. Cheke chopanda kanthu chisasayinidwe, ngakhale wosayinayo akupita kutali. Wolipira asakhale yemweyo wofananitsa mabuku ndi sitetimenti ya ku banki. Maalawansi ndi ndalama za maulendo za a komiti zikhale ndi mitengo yolembedwa, ndipo munthu asavomereze zake yekha.

Kufananitsa mabuku ndi sitetimenti kuzichitika mwezi ndi mwezi, ndipo ndi ntchito ya pensulo m'manja. Mumatsika mzere ndi mzere. Apa pali ndalama yomwe yalowa popanda dzina, mwina dokotala walipira kudzera mu akaunti ya kiliniki yake, ndipo mukapanda kumupeza mudzamutumizira kalata ya ngongole munthu amene analipira kale. Apa banki yadula kawiri ndalama yake ya pamwezi. Apa pali cheke chomwe chinalembedwa miyezi iwiri yapitayo koma sichinatapidwebe, kutanthauza kuti ndalama zomwe zikuoneka ku banki n'zochulukirapo kuposa zenizeni. Zinthu zotere zikapezeka mwezi womwewo zimatha ndi foni imodzi. Zikadikira kutha kwa chaka, palibe amene amakumbukira.

Chenjerani ndi imelo yonena kuti hotela kapena wosindikiza magazini wasintha akaunti ya ku banki. Akuba amalowa m'maimelo a anthu, n'kutumiza invoisi yooneka ngati yeniyeni, chizindikiro cha kampani chili pomwepo, nambala ya akaunti yokha ndi imene yasintha. Musayankhe imeloyo, ndipo musaimbe nambala yolembedwa mmenemo. Imbani nambala yakale yomwe muli nayo m'mabuku, muyankhule ndi munthu amene mumamudziwa mawu.

Kamodzi pa chaka mabuku aunikidwe ndi katswiri wa kunja kwa bungwe, wosankhidwa ndi msonkhano wa mamembala, osati ndi msungichuma. Malamulo a kaunikidwe ka mabuku ndi a misonkho amasiyana dziko ndi dziko, choncho komiti ifunse zomwe lamulo la kwawo likunena. Katswiriyu, kuwonjezera pa lipoti, amalemba kalata yotchula malo ofooka m'dongosolo. Kalata imeneyo iwerengedwe pa komiti yonse, isakathere m'dirowa ya wapampando.

Pa msonkhano uliwonse wa komiti, msungichuma abwere ndi tsamba limodzi lokha. Pamwamba alembe ndalama zonse zili ku banki. Pansi pake achotse za umembala wa miyezi yomwe sinafike, za opereka thandizo, za olembetsa msonkhano womwe sunachitike, ndi mabilu omwe afika koma sanalipidwe. Yotsalayo aigawe ndi ndalama zomwe bungwe limawononga pa mwezi, kuti aliyense aone miyezi yomwe bungwe lingayende. Awonjezere chiwerengero cha mamembala omwe alipira poyerekeza ndi nthawi ngati yomweyo chaka chatha, ndi dzina la kampani yomwe yapereka zambiri kuposa onse. Tsambalo litumizidwe kwa a komiti kukadali masiku angapo, kuti afike pa msonkhano ataliwerenga kale.