Ulendo wa ku Lismore: kanyumba ka mbiri pachilumba chimene kale ambiri ankalankhula chinenero cha Gaelic

Nyumba yosungiramo mbiri ya chilumba cha Lismore, kumadzulo kwa Scotland, ndi yaing'ono moti munthu waliwiro akhoza kuizungulira m'mphindi 20 n'kutuluka osatolapo kanthu. Dzina lake ndi Ionad Naomh Moluag ndipo inatsegulidwa mu 2007. Si ya boma ayi. Eni ake ndi bungwe la anthu a pachilumba pomwepo la Comann Eachdraidh Lios Mòr, limene linayamba mu 1991, ndipo ntchito yambiri imagwiridwa ndi anthu ongodzipereka. Choncho chuma chenicheni cha malowa sichili m'magalasi mokha. Chili m'mafaelo, m'mitu ya anthu amene akulandirani, ndiponso kunja m'minda. Wopita ayenera kukonzekera zitatu zonsezi.

Kafikidwe kake ndi kapawiri. Kuchokera ku Glasgow, sitima ya pamtunda imatenga pafupifupi maola atatu kukafika ku Oban, ndipo kumeneko sitima ya pamadzi ya CalMac imakuwolotsani kwa ola limodzi kapena kucheperako pang'ono mpaka ku Achnacroish, dooko la pa Lismore. Imanyamula magalimoto ochepa, ndiye malo a galimoto ngofunika kusungitsiratu. Njira ina ndi boti la ku Port Appin, la anthu ndi njinga zokha, limene limawoloka m'mphindi 10 kukafika kunsonga ya kumpoto. Chilumbachi ndi chotalika pafupifupi makilomita 15 koma chopyapyala, ndipo nyumba ya mbiri ili chapakati. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amawoloka ndi boti laling'onolo poganiza kuti afika pakhomo, chonsecho patsala mtunda wa makilomita angapo. Njinga ndiyo yankho labwino. Msewu ndi wa galimoto imodzi, wokhala ndi timalo topatukira, ndipo timaloto si toimikapo galimoto. Nthawi yotsegula imadalira nyengo. Miyezi yozizira mukhoza kupeza potseka, choncho lembani kalata ya pa intaneti musananyamuke. Mphepo ikalimba maulendo a pamadzi amaimitsidwa, ndiye musakonze zobwerera pa ulendo womaliza wa tsikulo ngati muli ndi ndege mawa lake.

Mukafika, yambani ndi kanyumba kofolera ndi udzu kamene kali pambali, Taigh Iseabal Dhàibh, musanalowe m'nyumba yaikulu. Kanamangidwanso motsanzira mmene ankakhalira anthu opanda munda chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Alendo amakonda kukajambula ngati kokongola, koma nkhani yake ndi ya umphawi ndi malo. M'midzi ya kumeneko munali magulu awiri amene muyenera kuwasiyanitsa. Oyamba, otchedwa crofter, ankachita lendi kamunda kwa mwini dziko. Achiwiri, otchedwa cottar, analibe munda wawowawo. Ankapatsidwa pomanga nyumba ndi kadimba ka mbatata ya kachewere, n'kumalipira pogwira ntchito kwa mwini mundawo. Lamulo la 1886, limene linabwera pambuyo pa kafukufuku wa Napier Commission wa 1883, linateteza gulu loyambalo kuti lisathamangitsidwe wambawamba komanso kuti lendi izikhala yoyenera. Gulu lachiwiri silinapindule kwenikweni. Mukamayang'ana kuchepa kwa chipinda, bedi la matabwa ndi miphika yachitsulo, muziona anthu amene lamulo lija linawalambalala.

Ziwerengero nazo zikunena zomwezo. M'zaka za m'ma 1830 pachilumbapa panali anthu oposa 1,000. Kalembera wa 2011 anapeza 192. Ena anachoka chifukwa cha njala ya m'ma 1840 mbatata zitagwidwa ndi matenda, ena anachotsedwa ndi eni malo amene ankafuna kuweta nkhosa, makamaka kummwera kwa chilumbachi, kumene mabwinja a midzi akuonekabe.

Lismore amasiyana ndi zilumba zinzake pa chinthu chimodzi: mwala wake ndi wa laimu. N'chifukwa chake nthaka ndi yachonde ndipo msipu ndi wobiriwira, komanso n'chifukwa chake anthu ankavutika ndi moto, popeza dothi lakuda la m'madambo limene ena amaumitsa n'kusonkhera linali losowa ndipo ankakalitenga kutsidya pa boti. Mwala womwewo unabweretsa ntchito. Ku An Sàilean ndi ku Port Ramsay kuli ng'anjo zowotchera laimu. Ankaphwanya mwala, kuuthira m'ng'anjo kuchokera pamwamba mosinthanitsa ndi malasha, n'kuwotcha mpaka kutentha kufike pafupifupi madigiri 900, kenako n'kumakokera laimu pansi. Moto ukachepa, mkati mwa mwala mumatsala mosapsa. Ukapitirira, laimu amauma gwa ndipo sasungunuka bwino m'madzi. Zombo zamatanga zinkabweretsa malasha n'kutenga laimu, katundu woopsa panyanja chifukwa akangonyowa amatentha mpaka kuyatsa matabwa. Zithunzi za zombo ndi mayina a amalinyero amene muwaone m'nyumba ya mbiri amachokera pa ntchito imeneyi.

Kwa Mmalawi pali nkhani ina imene sayenera kuidumpha. Moluag Woyera anafika pachilumbachi cha m'ma 560 n'kukhazikitsa malo a chipembedzo, ndipo ndodo yake, Bachall Mòr, imasungidwa ndi banja la Livingstone la ku Bachuil, osati m'nyumba ya mbiri. M'banja limenelo ndi mmene munabadwa William Jervis Livingstone mu 1865, yemwe anadzakhala woyang'anira esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, Listonia uja wa nkhanza za thangata, amene anaphedwa usiku wa pa 23 Januwale 1915 pa kuukira kwa John Chilembwe. Munthu wokulira pachilumba chimene osauka ankalipira pokhala ndi thukuta lawo ndiye anakakhwimitsa dongosolo lofanana nalo pa Alomwe ku Chiradzulu. Musamusokoneze ndi David Livingstone, amene agogo ake anachokera ku chilumba china, Ulva. Ndipo kumbukirani kuti Bachuil ndi khomo la anthu; wofuna kuona ndodoyo amapempha pasadakhale, safika mongotulukira.

Za chinenero. Gaelic ili ndi zilembo 18 zokha, ndipo kalembedwe kake kamasocheretsa woyamba kumene: bh ndi mh nthawi zambiri zimamveka ngati v. Simufunika kuidziwa kuti mupindule, koma mawu anayi akuthandizani kuwerenga mapu: baile ndi mudzi, achadh ndi munda, cill ndi tchalitchi, port ndi dooko. Ndi amenewa mukhoza kudziwa pamene panali mudzi ngakhale lero pali nkhosa zokha. Lamulo la maphunziro la 1872 silinapatse Gaelic malo m'sukulu, ndipo zinatenga mpaka 2005 kuti chinenerochi chikhale ndi lamulo lochiteteza ku Scotland. Mu 2011 ochilankhula analipo pafupifupi 57,000 m'dziko lonselo. Pa Lismore penipeni Chingerezi ndicho mudzachimve kwambiri. Alexander Carmichael, amene anayenda m'zilumba kulemba mapemphero ndi nyimbo zakale za Gaelic, anabadwira pomwepa mu 1832.

Alendo ambiri ochokera ku Canada, Australia ndi New Zealand amabwera kudzafufuza makolo awo, ndipo apa ndi pamene ntchito imavuta. Kulembetsa ubadwa, ukwati ndi imfa mwalamulo kunayamba mu 1855. Za m'mbuyo mwake zimadalira mabuku a mpingo, amene ali ndi mipata. Kalembera wa zaka khumi zilizonse ndi wotseguka kuyambira 1841 mpaka 1921 kudzera pa tsamba la pa intaneti la ScotlandsPeople, koma wa 1841 ankatsitsa zaka za aliyense woposa 15 kuti zithere pa 5 kapena 0, ndiye munthu wa zaka 34 analembedwa 30. Alembi ankasandutsa mayina kukhala Achingerezi, Iain n'kukhala John, Iseabal n'kukhala Isabella. Parishi inali imodzi, Lismore and Appin, yophatikiza chilumbachi ndi dera la Appin la kumtunda, choncho kulembedwa mmenemo sikutanthauza kuti munthu anabadwira pachilumba. Vuto lalikulu ndi kuchuluka kwa mayina ofanana: a John MacColl kapena a Duncan Black akhoza kukhala angapo m'chaka chimodzi. Eni mudzi ankawasiyanitsa potchula bambo ndi agogo, monga mmene dzina la kanyumba kaja likunenera kuti Iseabal mwana wa Dàibh. Mukabwera ndi dzina la mudzi, ntchito ya munthuyo ndi chaka chimene anachoka, ongodziperekawo akhoza kukupezerani bwinja lenileni. Mukabwera ndi dzina la banja lokha, mudzawataitsa nthawi.

Mukaona m'chipinda muli kamdima, si kuti akuumira magetsi. Nsalu, mapepala ndi zithunzi amazisunga pa kuwala kwa pafupifupi 50 lux (lux ndi muyeso wa kuwala), chifukwa zikasuluka sizibwereranso, ndipo chinyezi amayesetsa kuti chikhale pakati pa 40 ndi 60 peresenti. Pachilumba zimenezi n'zovuta: mpweya wa mchere umadya zitsulo, chinyezi chikakwera nkhungu imagwira zikopa ndi mapepala, njenjete zimaboola ubweya. Choncho funsani musanajambule, zimitsani fulashi, ndipo jekete lonyowa lisiyeni pakhomo.

Mukatuluka, tchalitchi cha ku Clachan chili pafupi. Ndi chigawo chotsala cha kafidulo ya m'zaka za m'ma 1200, pamene Lismore anali likulu la dayosizi ya Argyll. Kuchokera pamenepo mukhoza kutsikira ku mabwinja a Castle Coeffin kugombe la kumadzulo, kapena kukwera ku Tirefour, nsanja yozungulira ya miyala yokha yopanda matope, ya zaka pafupifupi 2,000. Lamulo la 2003 limalola kuyenda m'minda ya anthu bola mwaulemu: geti mulisiye mmene mwalipezera, ndipo galu akhale pachingwe, makamaka mu Epulo ndi Meyi nkhosa zikamaswa. Valani thalauza lalitali ndi nsapato zosalowa madzi, ndipo madzulo mudzifufuze nkhupakupa kuseri kwa mawondo ndi m'chiuno, chifukwa zina zimafalitsa matenda a Lyme.