Mapiritsi akakanika: zoyenera kudziwa pa chithandizo cha maginito pa matenda a kukhumudwa

Alipo anthu amene amwa mankhwala a matenda a kukhumudwa mokhulupirika, mwezi ndi mwezi, koma mtima ukadali wolemera. Tulo sitibwera, nsima siikoma, kudzuka m'mawa kuli ngati kusenza thumba la chimanga. Dokotala asintha mankhwala, enawonso osaphula kanthu. Anthu otere si ochepa. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa STAR*D anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse sanachire ngakhale atayesa njira zingapo motsatizana. Uthenga uno ndi wa anthu amenewa ndi abale amene amawasamalira. Ukunena za chithandizo chodzutsa ubongo ndi mphamvu ya maginito, chimene madokotala amachitchula mwachidule kuti TMS.

Kodi mankhwalawo akanikadi?

Tiyambire apa, chifukwa ambiri amene amati mankhwala awakana sanawapatse mpata. Madokotala amati matendawa akana mankhwala pamene munthu wamwa mitundu iwiri yosiyana, uliwonse pa mlingo wokwanira komanso kwa masabata 6 mpaka 8, popanda kusintha kwenikweni. Wina amamwa amitriptyline masiku 10, n'kuona kuti kukamwa kukuuma komanso akugona kwambiri, basi n'kusiya. Wina amamwa fluoxetine tsiku limene wakumbukira. Wina mankhwala amamuthera, ndipo papita mwezi asanapeze ena. Apa mankhwala sanakanike ayi.

Palinso zina zimene zimagwira matendawa kuti asachoke: mowa, chamba, kuchepa kwa magazi, vuto la chithokomiro, ululu wa nthawi yaitali, nkhanza za m'banja. Mankhwala ena nawo, monga efavirenz amene ena amamwa pa HIV, amatha kusokoneza maganizo. Ndipo pali matenda ena otchedwa bipolar, amene munthu nthawi zina amagwa mphwayi, nthawi zina n'kusangalala mopitirira muyezo, osagona, kuwononga ndalama. Amenewo amafuna mankhwala awoawo. Dokotala wa matenda a maganizo ayenera kuunika zonsezi kaye. Ku Malawi mungayambire kwa namwino kapena dokotala woona za maganizo pa chipatala cha boma, ndipo iye angakutumizeni ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Maginito amatani mu ubongo?

Maselo a ubongo amalankhulana ndi timagetsi tating'onoting'ono. Mu 1831 wasayansi wina, Michael Faraday, anaonetsa kuti mphamvu ya maginito ikamasintha mofulumira imabala magetsi m'chinthu chimene chili pafupi. Mu 1985 Anthony Barker ndi anzake ku Sheffield, ku England, anaika kachipangizo ka mawaya okulunga pamutu pa munthu, n'kuyatsa, ndipo dzanja la munthuyo linagwedezeka lokha. Sanang'ambe khungu, sanaboole chigaza. Mphamvu ya maginito inangodutsa m'fupa n'kudzutsa maselo a kunsi kwake.

Pa matenda a kukhumudwa, kachipangizoka, kamene kawirikawiri kamaoneka ngati nambala 8, amakakhazika cha kutsogolo kwa mutu kumanzere, pamwamba pa chipumi. Mbali imeneyi ya ubongo imathandiza kulingalira, kukonza zochita ndi kulamulira mmene tikumvera, ndipo mwa odwala ambiri imakhala ngati yazirala. Mphamvu ya maginitoyo ndi yofanana ndi ya makina ojambulira a MRI, koma imangolowa masentimita 2 kapena 3. Chimene chimathandiza ndi kubwereza: mbaliyo ikamagogodedwa tsiku ndi tsiku, imayambanso kulumikizana bwino ndi mbali zakuya za ubongo zimene zimayendetsa chisoni ndi chimwemwe.

Bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linavomereza chithandizochi pa matenda a kukhumudwa mu 2008. Ku Britain, bungwe la NICE, lopereka malangizo a zaumoyo, linanena mu 2015 kuti chilibe chiopsezo chachikulu ndipo chingaperekedwe kwa odwala.

Tsiku la chithandizo limayenda bwanji?

Mumakhala pampando wotsamira muli maso. Palibe jakisoni, palibe mankhwala ogonetsa. Amakupatsani zotseka m'makutu chifukwa makinawo amalira ngati munthu akukhoma msomali.

Tsiku loyamba limatenga nthawi yaitaliko, chifukwa ayenera kupeza mlingo wanu. Amaika kachipangizoko pa mbali ya ubongo yoyendetsa dzanja, n'kumawonjezera mphamvu pang'onopang'ono mpaka chala chanu chachikulu chitayamba kudumpha chokha. Ambiri amaseka akaona zimenezi. Mphamvu imene yadumphitsa chalayo ndi imene amawerengerapo mlingo wa chithandizo chanu, pakuti mitu ya anthu siifanana.

Njira yakale imatenga mphindi pafupifupi 37. Mu 2018 kafukufuku wa ku Canada wotchedwa THREE-D anaonetsa kuti njira ina ya mphindi 3 zokha, yotchedwa theta burst, imathandiza mofanana, ndipo zipatala zambiri zinaitengera. Mukamaliza mumadzuka n'kumapita kuntchito kapena kunyumba. Mukhoza ngakhale kuyendetsa galimoto.

Chovuta chili pa kubwerabwera. Pamafunika masiku 5 pa sabata kwa masabata 4 mpaka 6, ndiye kuti maulendo 20 mpaka 30 kapena kuposerapo. Kwa munthu amene ngakhale kusamba kukumulemera, umenewu ndi mtolo, ndipo m'bale woperekeza amafunika kwambiri. Kusintha sikubwera tsiku limodzi. Ambiri amayamba kuona kusiyana m'sabata yachitatu kapena yachinayi, ndipo nthawi zambiri a m'nyumba ndi amene amazindikira koyamba kuti wodwala wayambanso kulankhula pa chakudya. Akatswiri a ku yunivesite ya Stanford anakonza njira yofulumira, yopereka chithandizo ka 10 pa tsiku kwa masiku 5, ndipo inavomerezedwa ku America mu 2022.

Si chithandizo cha magetsi chija

Anthu akamva za makina pamutu amakumbuka ECT, chithandizo cha magetsi chimene chinayambira ku Rome mu 1938. Ziwirizi n'zosiyana. Pa ECT munthu amagonetsedwa, ndipo madokotala amachititsa dala kuti ubongo uchite ngati wagwidwa khunyu kwa kanthawi kochepa. Ena amaiwala zinthu zina pambuyo pake. TMS siichita zimenezo ndipo siisokoneza kukumbukira. Koma tisanyoze ECT. Kwa munthu amene wasiya kudya ndi kumwa, amene akumva mawu kapena kukhulupirira zinthu zosachitika, kapena amene moyo wake uli pachiswe, ECT ndi yamphamvu komanso yachangu kuposa TMS.

Zimene mungamve m'thupi

Mutu kupweteka ndi kumva kuwawa pamalo pogogodedwapo ndi zimene zimachitika kawirikawiri, makamaka sabata yoyamba. Panado amathandiza. Chikope kapena tsaya zimatha kugwedera makina akamalira, n'kusiya akangozima. Choopsa chenicheni ndi kugwa ngati wakhunyu, koma sizichitikachitika: ndi munthu wosakwana mmodzi pa anthu 1,000. Ngoziyi imakula munthu akamwa mowa wambiri, akausiya mwadzidzidzi, kapena akachezera usiku wonse osagona. Choncho musabise za mowa. Dokotala sakufunsa kuti akuweruzeni.

Muuzeni dokotala musanayambe ngati muli ndi chitsulo chilichonse m'mutu kapena m'khosi, monga kachipangizo kothandiza kumva koikidwa mkati mwa khutu, timapini totsekera mitsempha ya mu ubongo, kapena kachidutswa ka chipolopolo. Nenaninso ngati muli ndi khunyu, munavulalapo kwambiri m'mutu, munachitapo sitiroko, muli ndi batire lothandizira mtima, kapena muli oyembekezera. Zomatira m'mano sizivuta.

Amachira ndi angati?

Pa odwala amene mankhwala anawakanika, pafupifupi theka amapeza bwino moonekeratu, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu zizindikiro zimatheratu. Kwa anthu amene anali atataya mtima, manambala amenewa ndi abwino. Koma akutanthauzanso kuti ena ambiri amamaliza maulendo onse 30 osaona kusintha, ndipo chipatala chimene chikulonjeza kuti aliyense amachira chikunama. Mwa ochirawo, ena matendawa amawabwerera pakapita miyezi, ndipo amafunika kulandiranso. N'chifukwa chake ambiri amapitiriza mapiritsi ndi uphungu pa nthawi ya TMS ndi pambuyo pake. Musasiye mankhwala panokha.

Chithandizochi n'chodula. Chimapezeka kwambiri ku America, Canada, Australia ndi ku Ulaya. Ku Britain zipatala zina za boma (NHS) zimapereka, koma si zonse. Amene muli kumeneko funsani GP wanu, dokotala amene mumayambira kuonana naye, kuti akutumizeni kwa dokotala wa maganizo. Ku South Africa chimapezeka m'zipatala zolipira za m'mizinda ngati Johannesburg ndi Cape Town. Musanalipire, funsani mtengo wa maulendo onse pamodzi, osati wa tsiku limodzi, ndipo funsani ngati dokotala wa maganizo ndi amene akuyang'anira.

Chenjeraninso ndi ogulitsa zibangili, zipewa ndi mapilo a maginito amene amati amachiza maganizo. Maginito ongokhala phee sadzutsa selo ngakhale limodzi la ubongo. Ndalamazo bola muzisungire ulendo wa kuchipatala.

Ngati inu kapena m'bale wanu akuganiza zodzipha, TMS si yoti muidikire, chifukwa imatenga masabata. Uzani munthu amene mumamukhulupirira, chotsani m'nyumba mankhwala a mbewu, a makoswe ndi zingwe, musamusiye yekha wodwalayo, ndipo pitani naye kuchipatala chapafupi lero lomwe.