Akanyimbi pakhomo ku Toronto: mafunso amene mwakhala mukutifunsa

Chiyambireni Malichi foni ya komiti yothandiza anthu akwathu okhala ku Toronto ndi madera ozungulira sikupuma, ndipo nkhani yake ndi imodzi: kanyimbi wakhazikika pansi pa khonde kapena pansi pa shedi. Pagulu la WhatsApp palembedwanso zambiri, zina zoona, zina zoti mukazitsatira mukakumana ndi boma. Tasonkhanitsa pano mafunso amene akubwerezedwa. Ife si maloya ndipo si a boma. Tikufotokoza lamulo monga tikulimvera.

Kodi ndi kanyimbi yemwe uja wakwathu?

Ayi. Amafanana mizere ndi fungo, koma wakuno ndi wa banja lina, ndipo ndi wamkulu ngati mphaka wapakhomo.

N'chifukwa chiyani fungo lakula chonchi miyezi ino?

Kumapeto kwa Febuluwale ndi m'Malichi ndi nyengo yokwerana. Amphongo amayendayenda usiku, ndipo wamkazi akamkana mnzake amamuthira fungo. Ana amabadwa m'Meyi kapena kuchiyambi kwa Juni, kawirikawiri 4 mpaka 7, ndipo amakhala m'una pafupifupi miyezi iwiri asanayambe kutsatira mayi wawo. Musaiwale masiku amenewa, chifukwa pafupifupi mayankho onse ali m'munsimu akudalira pamenepo.

Ndikaimba 311, nambala ya foni ya khonsolo ya mzinda, a mzinda abwera kudzamuchotsa?

Ngati ali bwinobwino, sabwera. Mzinda wa Toronto umabwera pa nyama yodwala, yovulala kapena yakufa. Kanyimbi wathanzi amene ali pamalo panu ndi nkhani ya mwini malo. Ena mwadandaula kuti amene anayankha foni sanafune kukuthandizani chifukwa cha kalankhulidwe kanu. Sitingatsutse zimene munthu anamva yekha, koma yankho limeneli amapereka kwa aliyense.

Ndili ndi ufulu wotchera msampha ndekha?

Inde, koma mverani zonse musanathamangire kusitolo. Lamulo la Ontario la 1997 lotchedwa Fish and Wildlife Conservation Act limalola munthu kuopseza, kugwira kapena kupha nyama yakutchire imene ikuwononga katundu wake, kapena imene pali chifukwa chomveka chokhulupirira kuti yatsala pang'ono kuwononga. Mawu ofunika ndi akuti katundu wake. Kanyimbi wongodutsa mumsewu, kapena amene ali kwa aneba, lamuloli silikukupatsani mphamvu pa iye. Ngati mukuchita lendi, kambiranani kaye ndi landilodi, ndipo chilolezo chake chikhale cholembedwa.

Msampha wake ndi wa khola, wogwira nyama yamoyo. Misampha yopana thupi ndi ya anthu a layisensi yotchera ndi alimi, osati ife tonse. Poizoni ndi woletsedwa, zomata nazonso n'zoletsedwa. Khwekhwe la waya limene ena tinkatchera tili ana kumunda musaliyerekeze kuno.

Mukagwira, muli ndi maola 24. M'maola amenewo nyamayo imasulidwe pamalo osapitirira kilomita imodzi kuchokera pamene yagwidwa, kapena iphedwe mosaizunza, kapena, ngati ndi yodwala kapena yovulala, iperekedwe kwa osamalira nyama ovomerezeka ndi boma, monga Toronto Wildlife Centre. Kukaimasula pamalo a munthu wina kumafuna chilolezo cha mwini wake. Choncho kutchera Lachisanu madzulo n'kunyamuka kupita ku Niagara mpaka Lamlungu ndi mlandu, ndipo nyama yosiyidwa m'khola padzuwa la Julaye sichedwa kufa.

Kilomita imodzi? Ndiye kuti abwereranso?

Akhoza kubwerera, tisanamizane. Kanyimbi amayenda mtunda umenewu usiku umodzi osatopa. Funso limeneli ndi limene lautsa mkwiyo kwambiri, ndipo ena mwatiuza kuti lamulo lotere ndi lachibwana. Sitinalembe ndife. Zifukwa zake zilipo: nyama yosamutsidwira kutali imanyamula matenda kupita nawo kumene kunalibe, imakafika m'dera la zinzake osadziwa kopeza chakudya kapena pobisala, ndipo zambiri zimafa. Chiwewe cha mtundu wa raccoon (nyama ina yakutchire yofala kuno) chitapezeka ku Hamilton mu Disembala 2015 chinagwiranso akanyimbi, ndipo boma linawaza nyambo za katemera m'madera ozungulira kuti chisafalikire. Munthu mmodzi wonyamula khola m'buti ya galimoto akhoza kuwononga ntchito yonseyo.

Palinso china chimene otchera ambiri safuna kumva. Ngakhale mukanaloledwa kukamutaya ku Barrie, una umene wasiya ukadali pompo, wouma, wofunda, wokumbidwa kale. Wina alowamo. Maganizo athu ngoti msampha ndi njira yomaliza, ndipo kawirikawiri ndi kutaya nthawi.

Kwathu tikanangomupha. Kuno bwanji?

Tanena kale kuti lamulo la chigawo limalola kupha poteteza katundu, koma limaletsa kuzunza nyama popanda chifukwa. Nkhanza kwa nyama ndi mlandu pansi pa Criminal Code ya Canada, komanso pali lamulo la Ontario la 2019 loteteza nyama. Kumiza khola m'madzi, kumenya ndi fosholo kapena kuthira madzi otentha mu una kungakufikitseni kukhoti, ndipo aneba kuno amajambula n'kuimba foni. Kuwombera mfuti mumzinda n'koletsedwa. Kwa amene mapepala awo okhalira m'dziko muno sanathe, mlandu uliwonse wa kupolisi si wosewera nawo. Pachifukwa chimenechi komiti siilangiza aliyense kupha yekha.

Ndani alipire kampani yochotsa nyama, ine kapena landilodi? Nanga komiti singathandize?

Apa m'pamene pagona mkangano, ndipo yankho silofanana kwa aliyense.

Ngati nyumba ndi yanu, ndalama ndi zanu. Kuchotsa nyama ndi kutseka mozungulira khonde kumafika madola mazana angapo, mwinanso kupitirira ngati malo okumba ndi aatali. Inshuwalansi ya nyumba musaidalire musanawerenge pepala lanu, poti makampani ambiri amapatula zowonongeka ndi nyama zotere.

Ngati mukuchita lendi, lamulo la 2006 la Residential Tenancies Act limati landilodi ndiye ayenera kusunga nyumba ili yokonzeka bwino ndi yoyenera kukhalamo anthu. Monga tikumvera ife, bowo pansi pa masitepe kapena khonde loti nyama n'kulowa ndi mbali ya kukonza nyumba, choncho ndi udindo wake. Koma lamulo lomwelo limati wochita lendi asunge ukhondo ndipo alipire zimene wawononga mwadala kapena mosasamala. Landilodi akapeza matumba a zinyalala ali pabwalo usiku uliwonse, kapena mbale ya chakudya cha mphaka pakhonde, adzati mwaitana nyamayo ndinu. Kaya angapambane ndi mfundo imeneyo kapena ayi, woweruza ndi Landlord and Tenant Board, bungwe loweruza nkhani za malandilodi ndi ochita lendi, osati komiti.

Chimene tingalangize ndi ichi. Mulembereni landilodi uthenga, osati kungomuuza pakamwa pokumana pageti. Ikani tsiku, jambulani bowolo, sungani yankho lake. Akakhala chete, mukhoza kuimba 311 kuti oyang'anira za nyumba a mzinda adzaone, ndipo mukhoza kukadandaula ku bungwe lija ndi fomu ya T6, yodandaulira za kusakonzedwa kwa nyumba, pasanathe chaka. Musadule lendi panokha kuti mubweze zimene mwalipira kampani. Mudzalandira chikalata cha N4 chonena kuti simunalipire lendi, ndipo nkhani ya kanyimbi idzasanduka nkhani yotulutsidwa m'nyumba. Mukaitana kampani musanamuuze landilodi, kubwezeredwa ndalamazo kumavuta.

Pali gulu lina limene tiyenera kulichenjeza padera. Amene mumagwiritsa ntchito khitchini kapena bafa limodzi ndi mwini nyumba, lamulo la 2006 lija nthawi zambiri silikukhudzani, ndipo njira ya T6 ikhoza kukhala yotseka kwa inu. Pitani ku kiliniki ya zamalamulo ya m'dera lanu, kumene amathandiza ulere anthu opeza zochepa. Okhala m'nyumba za condo, yambani ndi ofesi yoyang'anira malowo, chifukwa bwalo ndi makonde kawirikawiri ndi za onse.

Tsono za thumba la komiti. Ndalama zimene mamembala amasonkha ndi za maliro ndi matenda aakulu, ndipo zinalembedwa choncho. Sitinakanize munthu chifukwa chomuda kapena chifukwa cha kumene amachokera, monga zinalembedwera pagulu. Tikalipirira mmodzi kanyimbi, mawa kubwera wa raccoon padenga, mkuja wa nsikidzi. Amene akufuna kuti zisinthe abwere nazo kumsonkhano waukulu.

Kodi komiti yachitapo chiyani pa nkhaniyi?

Tathandiza kulemba makalata opita kwa malandilodi, tamasulira amene Chingerezi cha pafoni chimawavuta, ndipo talemba tsamba lino. Misampha sitibwereketsa ndipo sitikonza zoyamba kutero, chifukwa ikagwiritsidwa ntchito molakwika funso lidzabwera kwa ife.

Kampani inabwera koma inakana kuchotsa, akuti kuli ana. Si kuba kumeneku?

Mwina ayi. Kampani yodziwa ntchito imaika kachitseko kotulukira kokha pakhomo pa una, nyama ikatuluka usiku isathenso kulowa. Kuchita zimenezi m'Meyi, Juni kapena kuchiyambi kwa Julaye ndiko kutsekera ana m'kati. Mayi amakumba mwamphamvu kuti awapeze, akalephera anawo amafera pansi pa nyumba yanu, ndipo fungo lake limaposa limene munkadandaula nalo. Ena amatha kutulutsa ana ndi manja n'kuwaika m'bokosi panja kuti mayi awasamutse yekha, koma si pena paliponse pamene dzanja lingafike. Musanalipire funsani ngati mtengowo ukuphatikiza kutseka ndi waya, komanso ngati abweranso ulere nyama ikalowanso. Amene akulonjeza kukamutaya kutali akukulonjezani zophwanya lamulo.

Ndingamuthamangitse bwanji popanda msampha?

Kanyimbi amafuna mdima ndi bata. Ikani nyali yowala pakhomo pa una, wailesi ya anthu olankhula ikhale ikulira chapansipansi usiku wonse, ndi nsanza zoviika mu viniga. Chitani zimenezi masiku angapo osadukiza. Kuti mudziwe ngati wachoka, tsekani bowolo ndi nyuzipepala yofwinyafwinya. Ikakhala osasuntha mausiku atatu kunja kuli kofunda, mwina mulibe kanthu. M'nyengo ya chisanu musakhulupirire zimenezi, poti amatha kugona m'kati masabata osatuluka, nthawi zina angapo pamodzi.

Kenako tsekani ndi waya wa sefa wolimba. Kumbani ngalande yakuya ngati masentimita 30 mozungulira khonde, waya atsike pansi n'kupindikira kunja, mukwirire. Kanyimbi ndi katswiri wokumba koma kukwera sakwanitsa bwino, ndiye nkhondo yake ili pansi. Timankhwala toyera tothamangitsa njenjete m'zovala musatimwaze pabwalo. Si ntchito yake, ndipo ana ndi agalu amatola.

Wandikumbira kapinga yense.

Akufuna mphutsi zoyera za m'nthaka. Timaenje take n'tating'ono, tosongoka pansi. Kapinga akafunyululidwa ngati mkeka, ameneyo ndi raccoon. Mphutsi zikatha, amasiya.

Ana anga amakonda kumuponyera buledi. Pali vuto?

Lilipo. Kuyambira pa 1 Epulo 2023 kudyetsa nyama zakutchire ku Toronto n'koletsedwa, ngakhale pabwalo panu, ndipo pali faindi. Tsekani bini yobiriwira ya zotsala za chakudya, tolani zipatso zogwa, ndipo chakudya cha ziweto chilowe m'nyumba dzuwa likamalowa.

Wagwera m'dzenje la windo la besimenti.

Tsetserekani thabwa lokhakhala, kapena lokulungidwa ndi thaulo, lopendekeka pang'ono, muchokepo. Usiku akwera yekha. Mawa lake vindikirani dzenjelo.

Ndikakumana naye maso ndi maso?

Saona patali, ndipo sathira fungo mwachisawawa chifukwa likatha limatenga masiku ngati 10 kuti lidzazenso. Amachenjeza kaye: amaponda pansi ndi miyendo yakutsogolo, amaimika mchira, amatembenuza mbuyo. Amalasa bwino mpaka mamita atatu. Bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono, osakuwa. Amene mumaweruka usiku, gwedezani makiyi musanakhote pangodya ya nyumba.

Galu wathiridwa. Madzi a tomato amathandiza?

Ayi, amangopusitsa mphuno. Fungolo ndi la mankhwala a sulufule, ndipo chimene chimawaswa ndi msakanizo umene katswiri wa mankhwala Paul Krebaum anafalitsa mu 1993: lita imodzi ya hydrogen peroxide ya 3 peresenti, kota ya kapu ya soda wophikira, ndi tiyisipuni imodzi ya sopo wamadzi wotsukira mbale. Sakanizani m'ndowa yotsegula, pakani nthawi yomweyo galu ali panja, pewani maso, dikirani mphindi zisanu, tsukuluzani. Wotsala tayani. Mukamutsekera m'botolo liphulika. Ubweya wakuda ukhoza kuyezuka pang'ono. Galu akathiridwa m'maso kapena akayamba kufooka, pitani naye kwa dokotala wa ziweto.

Ndamuona masana. Ali ndi chiwewe?

Kuoneka masana pakokha si chizindikiro, makamaka mayi woyamwitsa amene njala yamukulira. Chodetsa nkhawa ndi kudzandira, kuzungulira pamodzimodzi, kupuwala miyendo, kutuluka dovu, kapena kulunjika anthu mopanda mantha. Zikatero lowetsani ana ndi ziweto, imbani 311, musamukhudze. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15 ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti aone kaye, chifukwa chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika. Agalu ndi amphaka a miyezi itatu kupita m'tsogolo ayenera kubayidwa katemera wa chiwewe, ndipo limeneli ndi lamulo ku Ontario konse.

Ndimakhala ku Mississauga, wina ku Calgary. Zonsezi zikutikhudza?

Za maola 24 ndi kilomita imodzi ndi za Ontario yense, koma malamulo a mzinda amasiyana, choncho funsani khonsolo yanu. Alberta ndi zigawo zina zili ndi malamulo awoawo. Abale a ku America asatengere zathuzi: ku California, mwachitsanzo, kusamutsa nyama yogwidwa popanda chilolezo cha boma n'koletsedwa, ngakhale kilomita imodzi yomweyo.