Americium, chitsulo chopanda mgodi

Ku Kayelekera ku Karonga kuli miyala ya uranium, koma palibe mgodi padziko lonse umene mungakumbeko americium. Chitsulochi amachita kupanga. Uranium akakhala m'ng'anjo ya nyukiliya, ina imasanduka plutonium, ndipo plutonium ina imadzasandukanso americium. Anachitulukira ku Chicago mu 1944 ndi Glenn Seaborg ndi anzake atatu, n'kuchipatsa nambala 95 pa ndandanda wa maelementi. Popeza inali nthawi ya nkhondo, nkhaniyi anaibisa mpaka mu Novembala 1945, pamene Seaborg anaiulula pa pulogalamu ya ana ya pa wailesi, mwana wina atamufunsa.

Maonekedwe a chitsulochi ndi oyera ngati siliva, ndipo chimasungunuka pa madigiri 1,176 a Celsius. Mtundu wogwiritsidwa ntchito kwambiri ndi americium-241. Uwu umatenga zaka 432 kuti theka lake lisanduke chitsulo china chotchedwa neptunium, ndipo nthawi yonseyo umalavula tizidutswa tosaoneka ndi maso totchedwa alpha, tomwe ndi mtundu wina wa radiyeshoni.

Apa m'pamene anthu amasokonezeka akamva mawu oti radiyeshoni. Alpha ndi wamphamvu koma sapita patali: mu mpweya amangoyenda masentimita ochepa, pepala limamutchinga, khungu nalonso salibowola. N'chifukwa chake ma alamu ena a utsi, aja oyera ozungulira omwe mumawaona kudenga m'mahotela ndi m'maofesi ku City Centre, ali ndi americium m'kati, wosakwana gawo limodzi mwa magawo miliyoni a gilamu. Alpha amachititsa kuti mpweya wa m'kachipinda ka alamuyo uzidutsitsa magetsi pang'ono. Utsi ukalowa, magetsiwo amachepa, alamu n'kulira. Ma alamu ena amagwiritsa ntchito kuwala, amenewo alibe americium.

Ngozi imabwera chitsulochi chikalowa m'thupi. Munthu akapuma fumbi lake kapena kulimeza, chimakakhazikika m'mafupa ndi m'chiwindi kwa zaka zambiri, ndipo mmenemo mulibe chotchinga. Khansa imatha kuyambira pamenepo.

Ine nkhawa yanga si alamu ili kudenga ayi, koma yotayidwa kudzala, kumene ana amaphwasula chilichonse ndiponso zinyalala timazitentha. Zoopsa kuposa apo ndi makina ena oyezera chinyezi cha dothi pomanga misewu, omwe amakhala ndi americium wochuluka kwambiri. Ogula zitsulo zakale, mukaona chizindikiro cha mapiko atatu pa chikasu, musamenye ndi hamala. Dziwitsani bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority, lomwe lamulo la 2011 linalipatsa udindo woyang'anira zinthu zotere m'dziko muno.