Kasinja Wamphamvu Ndi Uti? Mfuti, Chishango ndi Masipeya

Loweruka lina ndinapita ndi abale awiri a ku Dedza kumalo osungirako zida zakale za nkhondo ku Saxonwold, pafupi ndi kumene amasunga nyama zakutchire kuno ku Johannesburg. Mmodzi anagogoda chitsulo cha kasinja wakale ndi chala, namvetsera kulira kwake, kenako anandifunsa kuti, "Akulu, inu mumakonza makina olemera, tatiuzani, kasinja wamphamvu kuposa onse ndi uti?" Funsoli ndi labwino, koma yankho lake silili pa kukula kwa mfuti monga ambiri amaganizira.

Akasinja ambiri a mayiko a NATO, mgwirizano wa zankhondo wa mayiko a ku Ulaya ndi ku North America, ali ndi mfuti ya mamilimita 120 (kukula kwa kamwa la mpope) yosalala mkati mwa mpope, imene inachokera ku kampani ya Rheinmetall ya ku Germany. Leopard 2 wa ku Germany anayamba nayo mu 1979, ndipo Abrams wa ku America, amene poyamba anali ndi mfuti ya mamilimita 105, anaitenga mu 1985. Mpope wosalala umayenerana ndi chipolopolo chooneka ngati muvi wautali, chopangidwa ndi chitsulo cholemera kwambiri, chimene sichiphulika koma chimaboola chifukwa cha liwiro loposa kilomita imodzi ndi theka pa sekondi. Akasinja a ku Russia, monga T-72 ndi T-90, ali ndi mfuti ya mamilimita 125 ndiponso makina oika okha zipolopolo, kotero amakwanira ndi asilikali atatu m'malo mwa anayi.

Vuto la kapangidwe ka ku Russia lili pamene zipolopolozo zimakhala. Zimasanjidwa mozungulira pansi pa mutu wa kasinja, kunsi kwa mipando ya asilikali, ndipo moto ukafika pamenepo mutu wonsewo umadumphira m'mwamba, monga taonera kambiri m'nkhondo ya ku Ukraine. Abrams amasunga zipolopolo zambiri m'chipinda chapadera kumbuyo kwa mutu, chotsekedwa ndi chitseko chachitsulo, ndipo denga lake linapangidwa kuti lizitseguka lokha moto ukabuka kuti mphamvu ituluke kunja. Kwa ine, amene ndaonapo mnzanga atapsa pa ntchito, kusiyana kumeneku n'kwakukulu kuposa mamilimita asanu a mfuti.

Chishango cha kasinja wamakono si chitsulo chimodzi chochindikala ngati chimene mbale uja anagogoda. Ndi magawo osanjikizana a chitsulo ndi zinthu zina zolimba, luso limene Angerezi analitukula ku Chobham. Anthu a ku Russia amawonjezera timabokosi tokhala ndi onga kunja kwa kasinja, timene timaphulika tikamenyedwa n'kusokoneza chipolopolo. Koma chitetezo chimalemera. Abrams ndi Leopard 2 amakono amapitirira matani 60, pamene T-90 safika matani 50, ndipo kulemerako kumasankha milatho imene kasinja angawoloke. Komanso pamwamba pa mutu chitsulo n'chopyapyala, ndipo m'pamene ndege zing'onozing'ono zopanda munthu zimaponyera mabomba.

Tsono tiyeni tione zimene mayiko amasankha akamagula. Britain anakakamira mfuti yokhala ndi mizere yozungulira mkati mwa mpope pa Challenger 2, ndipo mfutiyo imawomba molunjika bwino, koma zipolopolo zake sizilowa m'mfuti za anzake a NATO. Mu 2021 anagamula kuti akasinja 148 asinthidwe kukhala Challenger 3 ndipo alandire mfuti yosalala ya Rheinmetall, kuti pankhondo azitha kugawana zipolopolo ndi Ajeremani kapena Amereka. Norway anayesa Leopard 2 ndi K2 wa ku South Korea m'chipale chofewa, ndipo mu 2023 anasankha Leopard okwana 54, mwa zina chifukwa mayiko oyandikana nawo ali ndi kasinja yemweyo. Poland anachita mosiyana. Atapereka akasinja ake akale ku Ukraine mu 2022, anafuna olowa m'malo msanga, motero, kuwonjezera pa Abrams 250 amene anali atakonza kale kugula, anaitanitsa K2 180, popeza Akoreya ankatha kutumiza oyamba chaka chomwecho.

Chisankho cha Poland ndimachimvetsa, koma monga makaniko chimandidetsa nkhawa. Leopard ndi K2 amayendera injini ya dizilo, pamene Abrams ali ndi injini yofanana ndi ya ndege, imene imamwa mafuta ambiri ngakhale kasinjayo ataima. Popeza Poland anali kale ndi Leopard, mitundu itatuyi imafuna nkhokwe zitatu za masipeya ndi magulu atatu a amisiri. Kuntchito kwathu chimakina chokumba chinakhala milungu isanu chili chiimire chifukwa cha pampu yaing'ono yoti n'kunyamula ndi dzanja limodzi, imene tinkaidikira kuchokera kutsidya kwa nyanja.

South Africa anaphunzira zimenezi m'nthawi ya zilango zoletsa kugula zida, pamene anatenga Centurion wakale wa ku Britain, namuika injini yatsopano ndi mfuti ya mamilimita 105, n'kumutcha Olifant. Kasinja ameneyu anamenya nkhondo ku Angola mu 1987, ndipo amisiri omukonza anali a m'dziko lino lomwe.