Galimoto yozimitsa moto imawonongekera pamene yaima

Pali funso limodzi limene landikwana. Bwana akabwera kuchokera kulikulu, amasuzumira pa mita ya galimoto, kenako n'kunditembenukira: "Amakanika, galimoto yangoyenda makilomita 30,000 okha, mukuti yatha bwanji? Minibasi za mu Limbe zinadutsa kale 400,000 koma zikunyamulabe anthu."

Minibasi ija ili moyo chifukwa imayenda tsiku lililonse. Yathuyi imatha mwezi wathunthu ili m'shedi, ndipo kuima kumeneko ndi kumene kumaidya. Komanso mita imawerenga matayala akamazungulira basi. Pamoto galimoto imaima malo amodzi, injini ikulira mwamphamvu maola atatu kapena anayi kuyendetsa pampu kudzera pa giya ya PTO, yotengera mphamvu ya injini kupita kupampu, mita osasuntha ngakhale pang'ono.

Ndakhala zaka zambiri ndikukonza magalimoto amenewa kumalo akutali ndi tauni, kunkhalango ndi kumaesiteti, kumene wogulitsa sipeya wapafupi ali ulendo wa tsiku lathunthu. Matenda ake ndi omwewo kulikonse. Mabatire amatha moto okha. Dizilo akakhalitsa m'thanki yosadzaza, chinyezi chimasanduka madzi pansi, kenako pamamera zinyalala zakuda zonanda zimene zimatseka fyuluta galimoto ili pakati pa chitunda. Mabuleki ake ndi a mpweya, ndiye ngati pali potuluka mpweya, dalaivala amaliza injini n'kukhala mphindi zingapo kudikira kuti geji ikwere, uku nyumba ikupsa. Anthu kunjako amati ozimitsa moto ndi aulesi, osadziwa kuti mabuleki agwira ndipo galimoto singasunthe.

Matayala ndiye amanamiza kwambiri. Mano ake amaoneka atsopano chifukwa sanayende, koma mphira yakalamba. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi: mukaona 2314, linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2014. Tsono litengeni tayala lotero, mulisenzetse madzi malita 4,000, amene ndi matani anayi, muthamange nalo pamsewu wa miyala dzuwa la Okutobala.

Ambiri mwa magalimoto amene ndagwirapo anabwera ngati mphatso atagwira kale ntchito kwina, ena ku Japan, ena ku Britain. Sindikunyoza mphatso ayi, popanda iyo bwenzi tikuzimitsa ndi zidebe. Koma galimoto ya ku Japan inapangidwira mzinda umene uli ndi mpope wa ozimitsa moto pakona iliyonse, choncho zambiri zimanyamula madzi ochepa, zina zilibe n'komwe thanki. Zolumikizira mapaipi ake ndi za mtundu wa Machino, pamene a ku Britain ali ndi mtundu wawo, a ku Germany ali ndi Storz. Sizilowana. Buku lake la malangizo lili m'Chijapani. Tsiku lolandira pamakhala kuvina ndi kujambula zithunzi, koma sindinaonepo wina akufunsa kuti fyuluta yake tidzaigula kuti.

Nkhani imene imandisowetsabe tulo ndi ya kawasha ka mphira.

Unali usiku nyengo yotentha, moto unabuka pa golosale pamsika wina, n'kuyamba kulowera kumashopu oyandikana. Galimoto inalira bwinobwino, tinafika msanga. Thanki yathu inali ya malita 2,000, ndipo paipi imodzi ikamathira mokwanira imatulutsa malita 400 kapena 500 pa mphindi. Werengani nokha: mphindi zinayi kapena zisanu, madzi atha. Sitinade nkhawa, chifukwa kuseri kwa msikawo kunali dziwe. Tinaponyamo paipi yokokera, dalaivala n'kukoka chogwirira cha primer, kachipangizo kochotsa mpweya m'paipi.

Apa pamafunika kumvetsa chinthu chimodzi. Pampu ya galimoto yozimitsa moto imakankha madzi mwamphamvu, koma singakoke mpweya. Kuti madzi akwere kuchoka m'dziwe, primer imayamba yachotsa mpweya wonse m'paipi, kenako mpweya wakunja ndiwo umakankhira madziwo m'mwamba. N'chifukwa chake pampu ngakhale ikhale yatsopano, madzi akakhala pansi kupitirira mamita 7 kapena 8 musayembekeze kanthu, ndipo kumtunda ngati kumapiri a Viphya malirewo amatsikanso. Pakakhala kabowo kakang'ono kolowera mpweya, zonse zimathera pomwepo.

Usiku umenewo geji ya pampu inkangogwedezeka osatsika. Ndinagwada m'matope ndi tochi kukamwa, kumasula polumikizira paipi. M'malo mwa washa weniweni ndinapezamo chidutswa cha chubu cha njinga, chodulidwa ndi mpeni, chitapindika ngati khutu. Washa wakale anali atang'aluka miyezi ingapo m'mbuyomo. Ndinali nditalemba kalata yopempha washa wina, yankho linali lakuti dikirani bajeti. Ine ndili kutchuthi, wina anaitana mmisiri wa pansi pa mtengo kuti azigambe. Anazigambadi, ndipo pamaso pankaoneka bwino.

Mashopu anayi anapsa tikuyang'ana. Achinyamata anayamba kutigenda, galasi lakutsogolo linasweka. Koma chimene sindiiwala ndi mayi wina amene anangoima pafupi nane, mwana kumbuyo, n'kufunsa motsitsa mawu: "Bambo, madzi si awo? Nanga chavuta n'chiyani?" Ndinalibe choyankha. Mtengo wa washa uja sungafike ngakhale wa thumba limodzi la shuga limene linapsera m'golosalemo. Ndipo mlandu wina ndi wanga: nditabwera kutchuthi ndinaliza injini, ndinathira madzi a m'thanki pabwalo, ndinakhutira. Sindinapite nayo kudziwe.

Kuliza injini m'mawa uliwonse si kuyesa galimoto. Kamodzi pa sabata ituluke, iyende mpaka injini itenthe, ikaime pamtsinje kapena padamu, ikoke madzi yokha n'kuwathira. Sefa ya kumapeto kwa paipi isagone pamchenga, chifukwa mchenga umadya mapiko a pampu ngati chiswe. Mukamaliza, tsukani pampu ndi madzi oyera, tsegulani timipope ta pansi pa mathanki a mpweya madzi atuluke. Dizilo wa ulendo umenewu ndi amene a maakaunti amayamba kudula, poti palibe moto umene wazimitsidwa.

Za amisiri ongoyerekeza ndinena mosabisa. Mnyamata amene amakonza bwino Toyota yanu sindiye kuti amadziwa pampu. Ndaona wina akuyendetsa pampu yopanda madzi kuti amve kulira kwake, silo yotchinga madzi kuti asadonthe n'kupseratu m'mphindi zochepa. Ndaona wina akuwotcherera pa chasisi osachotsa mabatire. Magalimoto amenewa amayendera mavoti 24, mabatire awiri olumikizana, koma pofuna kupulumutsa ndalama amagula limodzi latsopano n'kuliphatikiza ndi lakale, pakatha miyezi yochepa onse awiri afa. Wina anachotsa zitsulo zotchinga za m'kati mwa thanki poti zachita dzimbiri, osadziwa kuti n'zimene zimaletsa madzi kukhuthukira mbali imodzi pokhota. Galimoto yotero, thanki ili theka, imagubuduka pakona imene lole ya chimanga imadutsa bwinobwino.

Inunso mabwana, lekani kutuma galimoto imeneyi kukatunga madzi a pamaliro kapena a pomanga nyumba. Imabwerako thanki ili gwa, dizilo watsika, pampu yadzaza matope a m'dambo, ndipo dalaivala sanena chifukwa wamutuma ndi amene amasaina malipiro ake.

Mawasha ndimagula ndekha tsopano, a m'thumba mwanga. Ndili nawo asanu ndi limodzi m'kachitini ka mkaka kuseri kwa mpando wa dalaivala, ndipo kalata yopempha matayala ndailembanso sabata yatha, kachitatu.