Mapointi abwino koma kosi yomwe amafuna yakanika: zinalakwika ku Fomu 3

"Aphunzitsi, mwana wanga wapeza mapointi 14, nde apange kosi yanji?" Funso limeneli limabwera chaka chilichonse zotsatira za MSCE zikangotuluka, ndipo kunena mosabisa landitopetsa, chifukwa likubwera mochedwa ndi zaka ziwiri zathunthu. Nthawi yofunsa inali pamene mwanayo amalowa Fomu 3, tsiku lomwe anabwera kunyumba nkunena kuti wadropa Physics inu nkungoti chabwino bola uzikhoza. Tsiku limenelo ndi lomwe kosi yake inasankhidwa, zinazi za mafomu ofunsira malo ndi kungomalizitsa basi.

Ndimagwira ntchito yolangiza ana a sekondale za maphunziro ndi ntchito zamtsogolo, ndipo chinthu chimodzi chomwe makolo ambiri, olo ena ophunzira kumene, sachigwira ndi ichi: mapointi ndi china, zofunika pa kosi ndi china. Mapointi amawerengera maphunziro 6 omwe mwana wakhoza bwino kwambiri, safunsa kuti ndi maphunziro ati. Tiyerekeze mwana wapeza 1 Bible Knowledge, 1 Chichewa, 2 History, 2 Agriculture, 3 Geography, 3 English. Amenewo ndi mapointi 12, abale onse amva, pa sitetasi ya WhatsApp aikidwa. Koma Masamu ali ndi 7, Chemistry sanalembe, Physics sanalembe. Mwana ameneyu za uinjiniya aiwale, za udokotala aiwale, ndipo makosi ambiri a zowerengera ndalama, zachuma ndi zakompyuta amutsekera chifukwa cha 7 wa Masamu uja, poti 7 ndi pasi chabe, kiredit imathera pa 6. Pomwe mnzake wa mapointi 19 yemwe ali ndi 3 Masamu, 3 Physics, 3 Chemistry ali ndi posankha pambiri kuposa iye. Sindikunyoza History kapena Chichewa ayi, amene akufuna uphunzitsi wa zilankhulo, utolankhani kapena zachikhalidwe ali pamalo pake ndithu. Vuto ndi loti mwana yemwe watenga maphunziro amenewa ukamufunsa akuti akufuna kukhala dokotala.

Nde amadropa chifukwa chani? Zifukwa zake mukazimva mukhoza kulira. Mphunzitsi wa Masamu amakalipa. Anzake onse apita kalasi inayo. Analakwa mayeso a teremu yoyamba nde anaona ngati mutu wake si wa sayansi. Pena ndi sukulu imene imamukankha, chifukwa sukulu nayo imafuna chiwerengero cha okhoza chizioneka bwino, nde mwana wofooka pang'ono amamuuza kuti iwe Physics isiye ingakugwetse, ndipo mwana wa zaka 15 sangatsutsane ndi ahedi. Kulinso masukulu ena, makamaka ma CDSS, oti labu kulibe kapena mphunzitsi wa Chemistry anasamuka osabweranso wina, zimenezo si vuto la mwana, koma ngati kholo mwadziwa msanga mukhoza kusaka njira, kaya kumusamutsa kaya kumupezera womuphunzitsa mbali, kusiyana nkudzazindikira satifiketi ili m'manja. Kumbukiraninso kuti ija inkatchedwa Physical Science nthawi yathu anaigawa pawiri, pano ndi Physics payokha Chemistry payokha, nde mwana akati "sayansi ndikutenga" mufunseni kuti iti.

Pali mtsikana wina yemwe nkhani yake imandiwawabe. Kuyambira ali wamng'ono amafuna unamwino, aliyense kwawo amadziwa, mpaka amamutchula kuti anesi. Teremu yoyamba ya Fomu 3 Chemistry inamuvuta, mnzake anamuuza kuti unamwino umangofuna Biology, iye nkukhulupirira, nkusiya Chemistry ndi Physics zonse. Palibe wamkulu amene anamufunsa kuti wamva kuti zimenezo. Anakhoza bwino kwambiri, mapointi 13. Anabwera ndi bambo ake ku ofesi ali ndi chimwemwe, ine nkutsegula chikalata cha zofunika pa kosi yomwe amaifuna nkuyamba kuwerenga mokweza, nditafika pa masayansi nkhope yake inasintha. Sanalire. Anangoti, "Nde bwanji sanandiuze?" Ndinawalangiza zomwe ndimalangiza aliyense wotero, kuti alembetse ngati ekisitenolo, awerenge maphunziro omwe akusowawo, mwana wanzeru chonchi chaka chimodzi cholimbikira akhoza kukwanitsa. Bambo aja sanasangalale, amati mwana wa mapointi 13 angabwererenso bwanji kukalemba mayeso, anthu aziti chani. Patapita miyezi ndinamva kuti apeza ajenti pa Facebook yemwe walonjeza sikolashipu yonse ya unamwino kunja, osafunika Chemistry, osafunika intaviyu, kungolipira ya purosesing'i basi. Analipira. Kenako inabwera ya viza, analipira. Kenako ya inshuwalansi. Tsiku lonyamuka linasinthidwa kangapo mpaka nambala ija inasiya kupezeka. Zaka ziwiri zinapita mwana ali pakhomo kudikira ndege, ndipo pamene amabweranso kwa ine mtima wa sukulu unali utazizira, mabuku anali atawaiwala, amangofunsa ngati ndikudziwa pena poti angapeze ntchito iliyonse. Chomwe chimandipweteka si ndalama zija ayi, koma kuti funso limodzi lokha ku Fomu 3 likanakwanira. Akuluakulu sananame, safunsa anadya phula.

Nde makolo, mwana akamamaliza Fomu 2 khalani naye pansi. Musamufunse kuti ukufuna kudzakhala ndani basi nkusiya pomwepo, pezani chilengezo cha chaka chatha cha NCHE, bungwe lomwe limayendetsa kasankhidwe ka ophunzira m'mayunivesite a boma, mmenemo kosi iliyonse imalembedwa ndi maphunziro omwe imafuna. Werengani limodzi. Ngati mwanayo sakudziwa chomwe akufuna, zomwe sizachilendo pa msinkhu umenewu, musamukakamize, ingomuuzani kuti English ndi Masamu asazigonere ndipo masayansi asasiye pokhapokha zitakanikiratu, chifukwa zimenezo nzomwe zimasiya njira zambiri zotsegula. English nde osanena, ku yunivesite kumafunika makiredit 6 ndipo imodzi iyenera kukhala English, ndaona anyamata a 1 Masamu 1 Physics akutsala chifukwa cha 7 wa English yemwe amamuona ngati phunziro la atsikana.

Mayunivesite a boma alipo 6: UNIMA ku Zomba, MUBAS yomwe ambiri timaitchulabe Poly, KUHeS yomwe inabwera pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing pamene UNIMA yakale inagawidwa mu 2021, kenako LUANAR, Mzuni ndi MUST ku Thyolo. Malo ndi ochepa kuyerekeza ndi omwe akuyenera, nde kudzaza fomu si masewera. Cholakwika chomwe ndimachiona kwambiri ndi mwana kuika makosi omwe aliyense akulimbirana kuyambira chisankho choyamba mpaka chomaliza, udokotala, zamankhwala, uinjiniya, ngati kuti akulemba maloto ake onse, mapeto ake sasankhidwa paliponse pomwe pali kosi ina yabwinobwino yomwe akanalowa mosavuta. Sakanizani, pamwamba zomwe mukuzilakalaka, pansi zomwe mapointi anu akukwanadi. Komanso chonde musamusiyire mnyamata wa pa intaneti kafe kuti akusankhireni kosi chifukwa ndi amene akudziwa kudina kompyuta, iye amangofuna mzere uthe. Onaninso zaka za MSCE zomwe chilengezo chikuvomereza, chifukwa satifiketi ikakhalitsa imatuluka mu gulu limenelo, nde kuzengereza kuti tidzaona chaka chamawa kuli ndi mtengo wake.

Osasankhidwa ku yunivesite si maliro. Kuli Domasi ndi Nalikule kwa ofuna uphunzitsi wa sekondale, ma TTC kwa a pulayimale, Malawi College of Health Sciences ndi makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, kwa a zaumoyo, komanso makoleji a ntchito zamanja omwe ali pansi pa TEVETA monga Lilongwe Technical, Soche, Nasawa, Salima ndi Livingstonia. Apa makolo ena mumandikwiyitsa, mumanena za ntchito zamanja ngati chilango cha olephera, pomwe mwana wodziwa zamagetsi kapena zamapaipi amayamba kudzipezera yekha anzake a digiri akuyendabe ndi maenvelopu. Ku mayunivesite omwe si a boma nako kuli zabwino, koma musanalipire kalikonse fufuzani ngati NCHE inavomereza sukuluyo komanso kosi yeniyeniyo, chifukwa zimatheka sukulu kukhala yolembetsedwa koma kosi yomwe mwana wanu akupanga isanavomerezedwe. Ngati ndi za unamwino funsani ku Nurses and Midwives Council, ngati ndi zina zachipatala ku Medical Council, apo ayi mwana adzamaliza zaka zitatu nkupezeka kuti sangalembetsedwe kugwira ntchito. Chikwangwani chachikulu ndi gawuni ya pa giladuweshoni si umboni.

Za ndalama. Ngongole ya boma ya ophunzira imadzera ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, ndipo siimabwera yokha chifukwa mwana wasankhidwa, imafuna kufunsira payokha pa nthawi yake ndi zikalata zake, komanso ndi ngongole, idzabwezedwa. Chaka chilichonse kumapezeka ana oti afika pa kampasi nkumadabwa kuti dzina lawo palibe, ukawafunsa ngati anafunsira akuti amaona ngati sukulu ipanga yokha.

Tsopano masikolashipu akunja, komwe akamberembere adyerako anthu kwambiri. Enieni alipo. Mastercard Foundation Scholars Program, yomwe inayamba mu 2012, imathandiza ana anzeru ochokera m'mabanja osowa, ndipo umafunsira kudzera ku yunivesite yomwe ili mu pulogalamuyo, monga Ashesi ku Ghana kapena Makerere ku Uganda, osati kudzera kwa munthu wa mu inibokisi. Kuli UWC (United World Colleges), masukulu omwe amaphunzitsa IB, maphunziro a zaka ziwiri okonzekera yunivesite omwe amavomerezedwa m'maiko ambiri, ina mwa iwo ndi Waterford Kamhlaba ku Eswatini. Kuli African Leadership Academy ku Johannesburg, nayo ya zaka ziwiri. Ashinaga imathandiza ana omwe anataya kholo limodzi kapena onse. Ofuna ku America angathe kufunsa kwa alangizi a EducationUSA, uphungu wake ndi waulere. Koma wina akakuuzani kuti amupezera mwana wanu wa Fomu 4 Chevening dziwani kuti akukunamizani m'maso muli gwa, Chevening ndi ya masitazi ku UK, imafuna digiri yoyamba komanso zaka ziwiri utagwirapo ntchito.

Chomwe ana sachidziwa nchoti masikolashipu amenewa sayang'ana mapointi okha, ofunsira onse amakhala okhoza kale. Amafuna kuona kuti wapangapo chani kupatula kuwerenga, kaya unatsogolera kalabu ya dibeti, kaya umaphunzitsa ana anzako Masamu, kaya unayambitsa kanthu kothandiza anthu, ndipo zimenezi sizipekedwa usiku umodzi, zimayamba ku Fomu 1 ndi Fomu 2. Amafunanso makalata a aphunzitsi okuchitira umboni, nde iwe mwana amene wakhala zaka zinayi osayankhulapo ndi mphunzitsi aliyense, ukufuna akalembe chani za iwe? Ndipo usabwere Lachinayi madzulo kuti kalata ikufunika Lachisanu, mphunzitsi adzangokulembera mizere itatu yoti ndiwe mwana waulemu. Nkhani yofotokoza za moyo wako lemba wekha, owerenga aja amaona masauzande a nkhani zotere ndipo yokopera pa intaneti kapena yolembedwa ndi ankolo amaizindikira pa ndime yoyamba. Ena amafuna mayeso a Chingerezi monga IELTS kapena TOEFL, ena SAT, mayeso olowera ku mayunivesite a ku America, zonsezi zimafuna kulembetsa nthawi ilipo. Masiku otsekera kulandira mafomu amafika miyezi yambiri sukulu isanatsegulidwe, komanso ena ali ndi malire a zaka zakubadwa, nde amene akuti ndiyamba kusaka zotsatira zikatuluka amapeza kuti wadikira chaka china chonse kapena wakula kale. Pasipoti nayo pangani msanga kudzera njira yoyenera, chifukwa mukathamanga mochedwa ndi pomwe mumagwa m'manja mwa madobadoba.

Ajenti wabodza savuta kumudziwa, kungoti mtima ukafuna chinthu maso amatseka. Amakuuzani kuti malo ndi otsimikizika musanatumize nkomwe zotsatira. Amati malo atsala awiri lipirani lero. Ndalama amati mutumize pa nambala ya foni ya munthu osati ku akaunti ya sukulu. Kalata yake yoti mwalandiridwa imachokera pa imelo ya Gmail, dzina la yunivesite lili ndi sipelo yolakwika. Mukafunsa mafunso ambiri amakwiya nkuyamba kukuuzani kuti mulibe chikhulupiriro, ena mpaka amabisala ku mapemphero. Ndi gulu lomweli limene nthawi ya mayeso limagulitsa likasa m'magulu a WhatsApp, mwana nkusiya kuwerenga kudalira pepala labodza, kapena kugwidwa nalo zotsatira zake nkufufutidwa. Kulinso ena oopsa kwambiri, omwe amalonjeza atsikana kuti ukaphunzira uku ukugwira ntchito, tikiti ya ndege tikulipirira, akafika kumeneko nkupeza kuti sukulu kulibe ndi ntchito yokhayokha, pasipoti alandidwa. Musanapereke khobidi lililonse lowani pa webusaiti ya yunivesite yomwe yatchulidwayo, tengani imelo ya ofesi yolembera ophunzira pomwepo, osati yomwe wakupatsani ajenti, muwafunse ngati akumudziwa munthuyo komanso ngati dzina la mwana wanu lilipo. Satifiketi yeniyeni ya MSCE ndi pasipoti musamusiyire munthu aliyense olo atavala suti, mpatseni fotokope.